Nkhosa za Sauli zikulira m'matchalitchi mwathu kuno ku chigwa

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndilankhule nkhani imene akhristu a kuno ku Nsanje ndi Chikwawa timaizemba, ndipo ndiyamba ndi ine ndemwe poti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Namondwe wa Freddy atatigwetsera nyumba mu Malichi 2023, Shire ndi Ruo atasefukira, tinakakhala pa kampu pa sukulu ina. Ine poti ndine mkulu wa mpingo komanso ndimalemba bwino, anandiika mu komiti yolemba maina a olandira ufa, nyemba ndi mafuta ophikira. Anthu amati awa nga Mulungu sangatibere. Nde usiku wina kunabwera alamu anga, nyumba yawo ili kumtunda madzi sanafike olo pakhonde, akuti alamu tilembeniko, ufawu ndi wa agogo anu ngati? Ndinakana. Mawa lake mayi akunyumba nawo akuti bambo, anzanu onse alemba abale awo, inu nokha nde mngelo? Ndinalemba. Dzina lachiwiri silinavutenso, linali la munthu woti tinaika kalekale. Malo pa mndandanda anakwana ndipo gogo wina wamasiye wa mumpingo mwathu momwemo anatsala.

Matumba enawo ndinagulitsa pa msika, ndipo chimene chimandichititsa manyazi kwambiri ndi ichi: chakhumi ndinapereka, mu envulopu, mtima uli mbee ngati ndamupoza Mulungu.

Mphezi sinandiombe, ng'ona sinandigwire, bola zikanatero mwina ndikanadzidzimuka msanga. Chimene chinachitika nchakuti pemphero linauma. Ndimagwada, mawu amatuluka bwinobwino monga mwa chizolowezi koma amathera kudenga kwa tenti basi. Ikafika sabata yanga yolalikira ndimasankha mavesi osaluma, za madalitso zokhazokha, chifukwa gogo uja amakhala pamphasa kutsogolo kwenikweni nkumandiyang'ana. Mnyamata wa kwaya atagwidwa ndi ndalama za yunifomu, pa bwalo la akulu ine ndinangoti zii, ndikanayambira pati?

Werengani 1 Samueli 15. Sauli sanakane kupita kunkhondo ayi, anapita, ntchito yambiri anaigwira, anangosungako mfumu Agagi ndi nkhosa ndi ng'ombe zonona, nkumati nzokapereka nsembe kwa Yehova. Eti ngati chakhumi changa chija. Samueli anangomufunsa kuti nanga kulira kwa nkhosa ndikukumvaku nkwa chiyani, nkumuuza kuti kumvera kumaposa nsembe. Koma anthu ambiri amalekera pomwepo osaona kumene zinakathera. Pa chaputala 16 Mzimu wa Yehova wamuchokera munthu akadali pampando wachifumu, zovala zomwezo, ulemu womwewo. Pa chaputala 28 akufunsa Mulungu osayankhidwa olo kumaloto, mpaka anadzibisa nkupita usiku kwa mayi wobwebweta wa ku Endori, chonsecho anali iye yemwe amene anathamangitsa obwebweta m'dzikomo.

Ineyo ndinafika pamenepo. Mwana wathu atadwala chaka chomwecho, ndinapezeka ndakwera kabaza mdima uli bii kupita kwa sing'anga wina, chipewa nditakokera kumaso, munthu amene ndakhala ndikudzudzula ena pa guwa za zomwezo. Sikuti ndimakhulupirira mizuyo kwenikweni, kungoti ndinali nditasiya kuyembekeza kuti kumwamba kungandiyankhe.

Ndipo sindili ndekha, tisanamizane. Masana abusa aika maliro ndi nyimbo zonse, usiku achibale omwewo ovala yunifomu ya chigwirizano akukakamiza wamasiye za kulowa kufa mwakachetechete, akuti kuopa kuti mudzi ungathe. Wina akuwaza madzi mu thonje kuti lilemere pa sikelo, Lamulungu ndi amene akutsogolera mapembedzero. Abusa ena akudziwa zonsezi koma olakwawo ndi amene anagula malata a tchalitchi, nde pakamwa pamalemera. Njala kuno ndi yeniyeni, madzi akapanda kutikokolola ndiye kuti dzuwa latiwotchera mapira, sindikunyoza wosauka ayi. Koma gogo uja naye anali ndi njala, kuposa alamu anga.

Chaka chatha nditakolola ku dimba ndinanyamula thumba la chimanga pa njinga mpaka kwa gogoyo, ndinakhala pansi nkuwauza zonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali kenako akuti, mwanawe ndinadziwa tsiku lomwelo, ndimangodikira kuti ubwera liti. Ndinakaululanso kwa akulu anzanga ndipo anandiimitsa kaye pa udindo. Awiri mwa amene tinali nawo mu komiti ija mpaka lero sandipatsa moni, alamu anga akuti ndinawayalutsa, dzina la malemu lija sindikudziwa ngati linafufutidwa pa mndandanda.

Ndine wowerenga wanu,
Mkhristu wa ku Nsanje