Mayi athyoka m'chiuno, abale akuloza chala ine

Azakhali,

Ndikulemba usiku uno tulo titandithawa, mayi akubuula chipinda chinachi. Ali ndi zaka 67, timakhala ku Nathenje. Mwezi wathawu anaterereka pakhonde potaya madzi otsukira mbale, kugwa kwake kosati n'kwenikweni, koma fupa la m'chiuno linathyoka. Adokotala akuti ndi osteoporosis, mafupa afumbwa mkati ngati chimanga cholowedwa ndi anankafumbwe.

Atafunsa za mankhwala ndinatchula prednisolone, mankhwala amene amatha kufooketsa mafupa munthu akawamwa nthawi yaitali. Mayi ali ndi mphumu, ndipo ndine ndakhala ndikuwagulira kwa zaka ndithu, popanda kalata ya kuchipatala. Nanga ndikanatani munthu akubanika pakati pa usiku? Enawo anali kuti? Palinso mankhwala ena amene amakalandira kuchipatala, abale sadziwa, ndipo sindiwatchula pano. Anesi anandinong'oneza kuti nawonso amatha kufooketsa mafupa ndi impso.

Achimwene anga ali ku Johannesburg. Akulimbikira kuti tipeze mapiritsi a fluoride, akuti amalimbitsa mafupa. Adokotala anakana. Anati kale ankachizira nawodi, fupa linkaoneka lodzadza koma kuthyoka osaleka, ndiye anawasiya. Anatinso impso zikafooka fluoride satuluka bwino mumkodzo, amangounjikana m'mafupa. Komanso madzi a pamjigo wathu ali naye kale wambiri, ana a m'mudzi muno mano awo ndi amawanga ofiirira. Ndawafotokozera achimwene, akuti ndikukana chifukwa ndikufuna kudya ndalama.

Alamu anga ndiye anaika voisi pa gulu la banja pa WhatsApp kuti ndawapatsa mayi poizoni. Munthu amene anabwera kuchipatala atanyamula mabanzi anayi, n'kubwerera ndi fulasiki yanga mpaka lero!

Pano adokotala anawalembera mayi alendronate, mankhwala olimbitsa mafupa, piritsi limodzi pa sabata, kumwa m'mawa asanadye, ndi madzi okhaokha, osagona kwa mphindi 30. Mayi kukhala tsonga kumawapweteka, amafuna kumwera tiyi wamkaka kapena phala, ndikawaletsa akuti ndawatopa. Kodi madzi a pamjigowa ndiwamwetsebe? Kuwiritsa akuti sikuchotsa fluoride, a m'botolo ndigula ndi chiyani? Prednisolone akuti osasiya mwadzidzidzi, ndiye ndizipitiriza kuwapatsa chomwe chawathyola? Ndiulule za mankhwala enawo kuti abale andileke, mayi atandilumbiritsa? Kodi ndinedi ndawalumalitsa mayi anga?

Wosweka mtima,
Nathenje