Kwa mnzanga amene tulo tikumugwira popemphera

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko. Kuno tilipo, Ambuye akutisunga.

Uthenga wako ndauwerenga. Ukuti masiku ano ukagwada, tulo timakugwira usanafike pa Ameni, ndiye ukuopa kuti chikhulupiriro chako chazilala. Ine sindikuvomereza. Tatsegula 1 Mafumu 19 tione limodzi.

Eliya anali atangochoka paphiri la Karimeli, pomwe anaima pamaso pa aneneri a Baala 450, moto n'kutsika kumwamba anthu akuona. Munthu wotere angaopenso ndani? Koma Yezebeli, mkazi wa mfumu Ahabu, atangotumiza mthenga kuti mawa lake amupha, mkuluyo analiyatsa liwiro mpaka ku Beereseba, kum'mwera kwa Yuda. Anasiya mnyamata wake komweko, n'kulowa m'chipululu ulendo wa tsiku limodzi, n'kukhala pansi pa kamtengo, n'kupempha Mulungu kuti angomutenga.

Tsono taona zomwe Mulungu anachita. Sanamukalipire, sanamukumbutse za moto wa pa Karimeli. Anamuleka agone. Mngelo anamudzutsa kuti adye mkate ndi kumwa madzi, iye n'kudya, n'kugonanso. Mngelo uja anabweranso kachiwiri, n'kumuuza kuti adye chifukwa ulendo wamukulira. Funso la Mulungu loti akuchita chiyani kumeneko linadikira masiku 40, mpaka atafika kuphanga la kuphiri la Horebu. Ife powerenga timathamangira pa mphepo, chivomezi, moto ndi mawu a kayaziyazi aja a ku Horebu, koma za tulo ndi mkate timazidumpha ngati kuti si zauzimu. Chonsecho Mulungu anayambira pomwepo. Iwe ukudzuka kusanache, kuweruka kutada, ndiye thupi lisadandaule? Gona mnzanga. Pemphero ulisunthire nthawi imene maso ali gwa, likhale lalifupi, palibe mlandu. Yakobo 5:17 akuti Eliya anali munthu monga ife tomwe, ndipo ndikuganiza kuti ndi kutopa komwe.

Koma pali china chimene sindikusekerera. Walemba kuti kumeneko ulibe wopemphera naye, watsala wekha. Mawu omwewo Eliya anawanena kawiri ku Horebu. Chodabwitsa n'chakuti ankadziwa kuti si zoona, pakuti m'chaputala 18 Obadiya, woyang'anira nyumba ya mfumu Ahabu, anamuuza pamaso kuti anabisa aneneri a Yehova 100 m'mapanga, n'kumawadyetsa. Kutopa kumaiwalitsa munthu zomwe anamva ndi makutu ake. Ndiponso mnyamata uja sanathawe, anachita kumusiya ndi Eliya mwini. Mulungu sanatsutsane naye nthawi yaitali. Anangomuuza kuti alipo anthu 7,000 mu Israeli osagwadira Baala, n'kumubweza njira yomwe anadzera, ali ndi ntchito m'manja. Atachoka kumeneko anapeza Elisa mwana wa Safati akulima ndi ng'ombe, ndipo Elisayo anamutsata n'kumamutumikira.

Ndiye ndikufunse mosabisa: kutchalitchi unapitako liti? Kunena kuti sayimba monga unazolowera si chifukwa ayi. Pita Lamulungu likubwerali, ndipo mapemphero akatha usatuluke mothamanga. Upatse moni munthu mmodzi, umufunse dzina. Ukandiyankha undiuze kuti ndi ndani, kuti ndizikutchulani nonse awiri popemphera.

Onse kuno akupereka moni.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.