Agalu okalamba tisamawataye chonchi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za agalu, chifukwa nkhaniyi yandikhala pamtima kwa miyezi yambiri tsopano. Chaka chatha anthu ena anasamuka pa nyumba ya lendi pafupi ndi ife kuno ku Area 25, anakweza katundu yense pa lole mpaka mtondo ndi mbaula, koma galu wawo anangomumasula tcheni n'kumusiya pageti. Masabata awiri akugona pompo kudikirira anthu osabweranso, nthiti zonse zikuwerengeka, nkhupakupa zodzaza m'makutu. Ndinalephera kupirira ndinamutenga. Ana anga anamutcha Madala ndipo dzinalo linakhazikika.

Nditapita naye kwa dokotala wa ziweto anati poona mano ake wapitirira zaka 10, diso limodzi lili ndi ng'ala, kumva samva bwinobwino, komanso miyendo yakumbuyo ili ndi nyamakazi moti m'mawa kuti adzuke zimatenga nthawi. Anzanga atamuona anandifunsa kuti, "kodi achimwene galu wosauwa ngati uyu ngwachani, akuba akabwera akuthandizani chani?" Funso limeneli ndi lomwe landilembetsa kalatayi. Ambirife galu timamuona ngati mlonda wosalandira malipiro, amagona panja mvula ndi mphepo zaka ndi zaka kutilondera njinga ndi nkhuku, ndiye tsiku lomwe mawu atha timamusiya panjira n'kukagula kagalu kena kwa anyamata ogulitsa m'mbali mwa msewu aja, kosabayidwa katemera, kochotsedwa kwa make kasanasiye n'kuyamwa komwe. Zimenezi si chilungamo ayi.

Sindinama kuti kusamala Madala n'kophweka. Mano ambiri anaguluka ndiye mafupa sangathe, ndimamuphikira phala la mgaiwa lolimbirako n'kusakaniza ndi bonya wosinja wopanda mchere, kudya kawiri patsiku pang'onopang'ono. June ndi July kukazizira miyendo ija imamuvuta kwambiri, ndinamuyalira masaka pakhonde ndi bulangeti lakale la pa kaunjika kuti asagone pa simenti. Mbale yake ya madzi sitiisuntha olo pang'ono chifukwa amayenda ndi mphuno komanso kukumbukira, ukangosintha malo a beseni kapena mpando amakadzigunda. Ana ndinawaphunzitsa kuti asamamudzidzimutse ali mtulo, aziyamba aponda pansi mwamphamvu kuti amve kugwedezeka kenako n'kumugwira, chifukwa galu wosamva ukamudzidzimutsa atha kuluma osati mwa nkhanza koma mantha. Ndipo chonde anthu musamapatse galu brufen kapena panado poti mwaona akutsimphina, mankhwala athu aanthuwa atha kumuwononga m'mimba, impso ndi chiwindi. Funsani kaye a vetenale, ali ndi mankhwala ake a agalu.

Ndalama zimapita, mankhwala a njoka zam'mimba, a nkhupakupa, thiransipoti yopitira kwa dokotala chifukwa mu minibasi sangakulole naye. Koma katemera wa chiwewe sindiphonya olo galuyo ndi wokalamba, matendawa sasankha msinkhu ndipo akangoyamba kuonekera pa munthu palibenso kuchira. Ku Blantyre a Mission Rabies, bungwe lolimbana ndi chiwewe, akhala akubaya agalu mwaulere kuyambira 2015, anthu a kumeneko musamasiye nkhalamba kunyumba n'kunyamula tiana tokha.

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ine ndaziona. Madala sauwa chisawawa ngati tiagalu ta aneba timene timauwa ndi mphaka yemwe. Usiku wina anangoima pafupi ndi khola la nkhuku akulira chapansipansi osasuntha, titatuluka ndi tochi tinapeza njoka. Kuona saona bwino koma mphuno ija ikadali yonse. Komanso ndi wofatsa, satafuna nsapato, sakumba dimba, mayi anga omwe amadwala BP amakhala naye pamkeka masana onse akusankha nyemba.

Pempho langa kwa amene mukufuna galu, pitani ku mabungwe osamalira ziweto, LSPCA kuno ku Lilongwe kapena BSPCA ku Blantyre, mukafunse ngati pali wamkulu amene akusowa pokhala, musamangothamangira tiana. Ndipo inu amene mukusamuka ndipo kumene mukupitako landilodi sakulola ziweto, gogodani kwa aneba kapena imbirani mabungwe amenewa galimoto isanabwere. Madala mpaka lero akamva fungo la dizilo lole ikamadutsa amadzuka movutikira n'kupita kukaima pageti.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe