Kalata yotseguka kwa Olemekezeka a Edwin Mushoriwa, phungu wa Dzivarasekwa: bilu yachiwiri ikhale ya unzika

Olemekezeka a Mushoriwa,

Ndikulemba m'malo mwa anthu a m'dera lanu amene makolo awo anachokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia. Ndine mlembi wa bungwe lina la maliro kuno ku Dzivarasekwa, mu mzinda wa Harare m'Zimbabwe, ndipo nkhaniyi takhala tikuikambirana pa misonkhano yathu ya Lamlungu masana, tikatha kuwerengera zopereka. Tabwera kudzathokoza, komanso tili ndi pempho.

Mu Novembala 2023, patangopita miyezi yochepa chichitikire chisankho cha mu Ogasiti, munaimirira m'Nyumba ya Malamulo n'kupempha chilolezo chobweretsa bilu yothetsa chilango cha imfa. Simunali nduna, ndipo simunali wa chipani cholamula. Mu Febuluwale 2024 nduna za boma zinagwirizana ndi ganizolo, aphungu anazungulira m'zigawo kumva maganizo a anthu, nduna ya zachilungamo a Ziyambi Ziyambi anaiyendetsa biluyo mpaka ku Senate, ndipo pa 31 Disembala 2024 Pulezidenti Mnangagwa anaisaina. Dziko lino linanyonga munthu komaliza mu 2005, komabe makhoti ankagamulabe kuti anthu anyongedwe, moti akaidi pafupifupi 60 ankagona n'kudzuka akudikira chingwe. Lero chingwecho chinawachokera.

Si tonse m'bungwe mwathu amene tinasangalala nalo lamuloli. Alipo amene anaika m'manda abale awo ophedwa ndi achifwamba, ndipo mpaka pano amati wakupha mnzake nayenso aziphedwa. Ineyo ndinagwirizana nanu, ngakhale sindinakondwe ndi kachigawo kamene kanatsala kolola chilangocho kubwerera dziko likakhala pa nthawi ya ngozi yolengezedwa ndi boma. Koma pa mfundo imodzi tonse timavomerezana: phungu wathu analemba lamulo. Zimenezi n'zosowa m'dziko muno. Mabilu pafupifupi onse amachokera kwa nduna, aphungu n'kumangothirirapo ndemanga. A Innocent Gonese a ku Mutare anayesapo ndi bilu yosintha lamulo la POSA, lokhudza misonkhano ndi zionetsero, inadutsa m'nyumba ya aphungu mu 2010, koma inakafera ku Senate. Tikudziwanso kuti yanuyi inathandizidwa ndi zinthu zina. Pulezidenti mwiniwake anagamulidwapo kuti anyongedwe mu 1965 nthawi ya atsamunda, n'kupulumuka chifukwa cha msinkhu, ndipo a bungwe loona za malamulo la Veritas anagwira nanu ntchito yokonza biluyo. Zonsezo sizikufafaniza zoti panafunika munthu woti aimirire n'kuyambitsa, ndipo munthuyo munali inu.

Ife a m'mabungwe a maliro timawaona kwambiri andale. Amabwera pa siwa ndi thumba la ufa ndi makabichi, ena amagula bokosi, ena amakumbitsa mjigo. Sitinyoza zimenezo, pakuti wamasiye amafunadi ufa. Koma bokosi angagule aliyense amene ali ndi ndalama, pamene kusintha lamulo angathe ndi amene tinamutuma ku Nyumba ya Malamulo ku Mt Hampden yekha. N'chifukwa chake ntchito ya phungu timafuna tiziiyeza ndi zimene zalembedwa mu Hansard, buku la zokambidwa m'Nyumba ya Malamulo: anafunsa funso lanji Lachitatu, anabweretsa bilu yanji, anavota bwanji. Pa muyeso umenewu muli ndi chooneka, ndiye tabwera kwa inu osati kwa wina.

Mbiri yathu mukuidziwa, koma ndiikumbutse mwachidule chifukwa ena owerenga kalatayi ndi ana. Agogo athu anabwera wapansi, ena pa magalimoto a Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, kudzalima fodya m'mafamu, kukumba m'migodi ya Shamva ndi Hwange, kuphika ndi kutchetcha kapinga m'nyumba za azungu. Kuyambira 1953 mpaka 1963, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, malire sanali kanthu kwenikweni. Ambiri sanabwerere, kumudzi n'kuwatcha matchona. Dzivarasekwa yeniyeniyi inakula ndi antchito a m'nyumba, ndipo kuno, ku Mufakose, ku Mbare, ku Mabvuku ndi ku Tafara gule wamkulu amatulukabe pa maliro. Ngakhale ku Mt Hampden kumene kuli nyumba yatsopano imene mumakumanamo, ambiri mwa oumba njerwa a kumeneko ndi anthu athu.

Mavuto a zitupa anakula ndi malamulo opangidwa ndi aphungu anzanu a kale. Mu 1983 unzika wa mayiko awiri unaletsedwa, ndipo mu 1984 panabwera lamulo la unzika limene likugwirabe ntchito. Mu 2001 analisintha kuti aliyense woganiziridwa kuti ali ndi unzika wina akaukane motsatira malamulo a dziko linalo, pa miyezi 6 yokha. Munthu wobadwira pa famu ku Mazowe, amene sanapondepo Lilongwe kapena Tete, ankayenera kukakana unzika umene sanakhalepo nawo, ku ofesi ya kazembe imene sinkamudziwa n'komwe. Nthawi itatha mu Januwale 2002, anthu zikwizikwi anapezeka kuti si nzika, ndipo chisankho cha pulezidenti cha mu Malichi chaka chomwecho chinawadutsa. Kusintha kwa mu 2003 kunapeputsako pang'ono kwa ana a anthu ochokera m'mayiko a SADC, koma panthawiyo ambiri anali atathamangitsidwa kale m'mafamu. Kenaka mu 2005 boma linagwetsa nyumba pa ntchito yotchedwa Murambatsvina, anthu n'kuuzidwa kuti abwerere kumudzi. Ife mudzi wake uti?

Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anatibwezera ulemu, ndipo ambiri tinavota kuti inde tikulira. Gawo 43 likunena kuti munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanasindikizidwe, amene kholo lake limodzi kapena onse awiri anali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iyeyo ankakhala muno panthawiyo, ndi nzika yobadwa nayo. Gawo 35 likuti nzika iliyonse ili ndi ufulu wolandira pasipoti, satifiketi yobadwira ndi chitupa. Gawo 81 likuti mwana apatsidwe satifiketi yobadwira mwamsanga. Ngakhale chinenero chimene ndikulemberachi chili m'gulu la zinenero 16 zovomerezeka mu gawo 6. Makhoti nawo analankhula. Pa mlandu wa a Mutumwa Mawere mu 2013, khoti loona za malamulo aakulu linagamula kuti nzika yobadwira muno singalandidwe unzika chifukwa chokhala ndi wina. Mu Novembala 2017 Khoti Lalikulu linalola anthu a zitupa zolembedwa ALIEN, kutanthauza mlendo, kulembetsa mavoti ngati ali ndi satifiketi yobadwira ndi umboni wa kumene akukhala.

Koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Lamulo la 1984 lija silinakonzedwe kuti ligwirizane ndi malamulo aakulu. Mu 2019 nduna zinalengeza kuti zavomereza mfundo za bilu yatsopano ya unzika, ife n'kuomba m'manja, koma lamulolo sitinalione. Anthu ophunzira amatiuza kuti zilibe kanthu, popeza gawo 2 limati lamulo lililonse losemphana ndi malamulo aakulu ndi lopanda mphamvu. Zimenezo n'zoona m'khoti, kwa amene ali ndi ndalama za loya. Kalaliki wa pa windo satsegula malamulo aakulu. Amatsatira lamulo limene anaphunzitsidwa ndi mafomu amene ali pa tebulo pake, ndipo ine sindimuimba mlandu kwambiri.

Ndikuuzeni za mayi wina wa m'bungwe mwathu. Anabadwira pa famu ya fodya cha ku Banket, bambo ake anali a ku Dedza. Ali ndi chitupa chachitsulo chija, nambala yake yothera ndi 00, cholembedwa ALIEN. Mapepala ake onse amasunga m'kajumbo ka shuga: khadi la ubatizo lothothoka m'mphepete, khadi la sikelo la mwana wake wamkazi, ndi kalata ya sukulu ya pa famu imene inatsekedwa kalekale. Atapita kukasintha chitupa kuti chilembedwe CIT, kutanthauza nzika, anamuuza kuti abweretse satifiketi yobadwira yaitali, ija yosonyeza makolo. Kuti apeze imeneyo, akufuna zitupa za makolo kapena masatifiketi a imfa yawo. Makolowo anaikidwa kuseri kwa komboni ya pa famu, popanda pepala lililonse, ndipo buku la antchito linasowa famuyo italandidwa. Anamuuzanso kuti abwere ndi wachibale wa dzina lofanana ndi lake kapena kalata ya sabhuku, ndiye kuti nyakwawa. Wachibale amene anali naye ndi mlongo wake, amene tinamuika ife tomwe. Sabhuku alibe, sanakhalepo naye. Mwana wake wamkazi anabadwira m'nyumba, ndiye alibe satifiketi. Mdzukulu tsopano ali Giredi 7, kusukulu akufunsa satifiketi yolembetsera mayeso, ndipo mpira wa sukulu anamuchotsamo chifukwa palibe umboni wa zaka zake.

Pa ntchito yangayi ndimaona kumene unyolowu umayambira. Munthu wopanda chitupa akamwalira, timavutika kupeza chilolezo choikira maliro, thupi lili ku mochale, abale akugona panja. Tikachipeza, satifiketi ya imfa nthawi zambiri imakanika, abale n'kutopa n'kuisiya. Pakapita zaka, ana a malemuyo amafunsidwa satifiketi yomweyo kuti alembetse ana awo. Motero banja limodzi limafika mibadwo itatu, mwina inayi, lisakudziwika ku boma. Munthu wotere sangalembetse nambala ya foni m'dzina lake, sangatsegule akaunti ku banki, sangalembedwe ntchito yokhazikika, ndipo penshoni imene anaigwirira ntchito imamuvuta kutenga.

Si ife tokha. Ana a anthu amene anaphedwa ndi asilikali a boma pa Gukurahundi ku Matabeleland ndi ku Midlands ali m'vuto lomweli, pakuti makolo awo alibe masatifiketi a imfa. Bungwe la boma loona za ufulu wa anthu, Zimbabwe Human Rights Commission, linafufuza nkhani ya zitupa m'dziko lonse n'kutulutsa lipoti mu 2020. Mu 2021 a Amnesty International analembanso, potchula chiwerengero cha UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo, choti anthu pafupifupi 300,000 ali pa chiopsezo chokhala opanda dziko. Kalembera woyendayenda wa mu 2022 anathandiza ambiri, ndipo tikuyamikira, koma amene analibe mapepala a makolo anabwerera chimanjamanja monga kale. Kufufuza kunachitika, chatsala ndi lamulo.

Pempho lathu ndi lakuti mubweretse bilu yosintha lamulo la unzika pamodzi ndi lamulo lolembetsa kubadwa ndi imfa, monga munachitira ndi ija ya chilango cha imfa. Mawu a gawo 43 alowe m'lamulomo momveka, ndipo ndime zoletsa nzika yobadwira muno kukhala ndi unzika wina zichoke. Chachikulu kwa ife ndi umboni. Lamulo linene poyera kuti ngati mapepala a makolo palibe, khadi la ubatizo, khadi la sikelo, kalata ya sukulu, buku la mpingo kapena la mzikiti, ndi lumbiro la anthu awiri amene akumudziwa munthuyo, n'zokwanira, ngakhale mboniwo asakhale achibale. Mabuku a mabungwe a maliro ngati lathuli ali ndi mayina, masiku ndi manda a anthu amene boma silinawalembepo, ndipo tili okonzeka kuwatsegula. Wokanidwa azipatsidwa chifukwa cholembedwa, ndi kumene angakadandaule osafuna loya. Gawo 41 linalamula kuti pakhale bodi yoona za unzika ndi zolowa m'dziko, ndiye bilu yanu ingathe kuikhazikitsa n'kuipatsa ntchito imeneyi. Mwana wobadwira muno amene palibe dziko lina lomuvomereza akhale nzika, pakuti Zimbabwe sinasainebe pangano la 1961 lochepetsa chiwerengero cha anthu opanda dziko.

Tikudziwa kuti phungu wamba saloledwa kubweretsa bilu ya ndalama, choncho nkhani ya malipiro a zitupa mungaisiye kunja, n'kuifunsa kwa nduna ya za m'dziko a Kazembe Kazembe pa nthawi ya mafunso. Tikudziwanso kuti ena adzati mukutsegulira alendo. Muwawerengere gawo 43. Likukamba za anthu obadwira muno 2013 isanafike kapena m'chakacho malamulo asanasindikizidwe, anthu amene Chishona ndi chinenero chawo cha tsiku ndi tsiku ndipo manda a makolo awo ali m'nthaka ino. Mwina biluyi sidzayenda mofulumira ngati yoyamba ija, mwinanso boma lidzati likukonza yake. Likatero, lifunseni tsiku, ndipo yankholo lilembedwe mu Hansard. Gawo 324 limati zimene malamulo aakulu alamula zichitike mwakhama ndi mosazengereza, ndipo kuchokera 2013 padutsa zaka zoposa 10.

Ifenso sitikhala manja lende. Tayamba kusonkhanitsa mayina kuti tipereke dandaulo ku Nyumba ya Malamulo motsatira gawo 149, ndipo tikulankhula ndi mabungwe anzathu a ku Epworth ndi ku Mufakose, mipingo ndi mizikiti. Tikukupemphani mubwere pa msonkhano wathu Lamlungu limene mungasankhe. Tidzaitana anthu abwere ndi mapepala awo kuti muone ndi maso anu pamene aliyense anakanikira, ndipo amene adzakuthandizeni kulemba biluyo abwere nawo. Tikupemphanso kuti mutiyankhe poyera ngati mudzapempha chilolezo chobweretsa biluyi pa mkumano uno wa Nyumba ya Malamulo.

Ine wanu mwaulemu,

Mlembi wa bungwe la maliro,
Dzivarasekwa, Harare