Kwa eni nazale ya maluwa kuno ku Chipata: columbine munandigulitsa uja wauma yense

Bambo, ndalemba pano poyera chifukwa pa WhatsApp mumangowerenga osayankha, ndipo foni ya pashopu panu imangolira.

Mu Ogasiti ndinagula kwa inu mbande za columbine ndi paketi ya njere zake. Mnyamata wanu anandiuza kuti ndibzale padzuwa, ndizithirira m'mawa ndi madzulo, akuti pofika Khirisimasi kukhonde konse kudzakhala maluwa okhaokha. Ndinatsatira zonse, ndinathiramo ndi manyowa a ng'ombe owolerana bwino. Dzuwa la Okutobala litangoswa, masamba anayamba kupsa m'mphepete, mbande n'kumafota imodziimodzi mpaka kutheratu. Njere za m'paketi zija palibe ndi imodzi yomwe inamera.

Chikundiwawa n'chakuti zonsezi wogulitsa maluwa amayenera kuzidziwa. Columbine kwawo ndi kumaiko ozizira, monga ku Ulaya ndi ku North America, kumene amamera m'mapiri ndi m'mbali mwa nkhalango. Kuno kwathu kotentha amafuna mthunzi, makamaka masana, ndi dothi losauma gwa. Njere zake zimavuta kumera zikapanda kumva kuzizira, n'chifukwa chake olima amayamba aziika m'firiji kwa milungu 3 kapena 4 asanafese. Ndiponso wofesa njere nthawi zambiri amaona duwa chaka chachiwiri. Nanga za Khirisimasi zija munazitenga kuti?

China chimene sindingachikhalire chete: njere ndi mizu ya chomerachi zili ndi poizoni. Pakhomo panga pano pa Kalongwezi pali adzukulu amene chilichonse amaponya m'kamwa, ndipo ndinabzala pomwe iwo amasewerera. Papaketi panu panali chithunzi cha duwa ndi mtengo wogulira basi, chenjezo ayi. Pakamwanso simunanene.

Ndalama ija sindinatole pansi, komanso madzi a pampopi amene ndinathirira nyengo yonse yotentha ndi olipira. Ndikufuna mundibwezere ndalama ya mbande ndi ya njere. Ndipo ngati mupitiriza kugulitsa columbine, lembani papaketi m'Chinyanja kuti amafuna mthunzi, njere zimafuna kuzizira, duwa limachedwa, ndiponso ana asamazigwire. Mnyamata wanuyo mumuphunzitse, asamalonjeze anthu zimene chomera sichingachite.

Lisiti ndinasunga, zithunzi za mbande zoumazo ndili nazo. Mukapanda kundiyankha sabata ino, nkhaniyi ndikaitula ku CCPC, bungwe loona za madandaulo a ogula.