Chotsani manambala pa sikirini, masewera akome

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi achinyamata kuno ku Harare amene ayamba kuphunzira kupanga masewera apakompyuta. Chonde musamadzaze sikirini ndi manambala, timapu ndi mivi yolozera njira. Zimenezi ndi zomwe zimamukumbutsa munthu kuti wangokhala pampando akudina mabatani.

Ndinazindikira izi pa Far Cry 2, sewero lomwe Ubisoft inatulutsa mu 2008, nkhani yake yochitikira m'dziko lina la mu Africa lopanda dzina. Ukafuna kudziwa komwe uli, munthu wako amasolola mapu apepala n'kuwagwira m'manja, sewero osaima, adani akukuwomberabe. Mfuti yakale imachita dzimbiri n'kukanirira nkhondo ili mkati. Koma chomwe chinandigwira mtima ndi malungo. Palibe nambala yokuuza kuti wadwala. Umangoona maso akuchita chidima, manja akufunafuna botolo la mankhwala. Ine malungo anandigonekapo pamphasa nditapita kukaona agogo ku Nkhotakota, ndiye nditaona zimenezi thupi linachita tsembwe. Mphwanga amene ndinkasewera naye anadandaula kuti akumuchedwetsa. Mwina ali ndi mfundo, poti iye sanadwalepo.

Sewero lina, Dead Space, la chaka chomwecho, linaika mphamvu za munthu wako, Isaac Clarke, pamsana pa chovala chake, ngati kamzere kowala. Ukamamuyang'ana iye, ndiye kuti wawerenga kale zonse.

Ena amati njira yake ndi kutaya mabatani n'kumasewera ndi thupi lonse. Wii ya Nintendo, ya 2006, inakomadi pa tenesi, chifukwa dzanja limachita zomwe wosewera tenesi amachita. Kinect ya Microsoft, ya 2010, kamera yotsata mayendedwe a thupi lako, ndinaiyesa kwa mnzanga. M'tinyumba tathu ta ku Mufakose mpaka usunthe mipando kuti kamera ikuone bwino, ndipo mwana akangodutsa zimasokonekera. M'malo moiwala thupi, umangoganiza za mwendo wako ndi tebulo. Microsoft inasiya kuipanga mu 2017.

Pitani mukaone madala akusewera bawo pansi pa mtengo. Palibe wowalembera zigoli. Mwini wake amangoyang'ana maenje, kutapa nkhomo, dzanja likuwerenga lokha, mpaka nsima kuzizira kunyumba. Mukamapanga sewero la kombi yochoka ku Mbare, mafuta akamatha tizimva injini ikutsokomola, osati kuona nambala pakona.

Ine wanu wowerenga,
Mufakose, Harare