Tiziwafunsanso okonza masiku oyesa mapulogalamu

Akonzi,

Tiloleni tilankhulepo pa ntchito yoyesa mapulogalamu a kompyuta asanatulutsidwe kwa anthu. Fedora, imene imatulutsa Linux (pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta) yatsopano kawiri pa chaka, imakhala ndi masiku oyesa otchedwa Test Day. LibreOffice, pulogalamu yolembera ndi kuchitira ntchito za muofesi yomwe imatuluka yatsopano mu Febuluwale ndi mu Ogasiti, imaitana anthu ku Bug Hunting Session, ndipo Debian, mtundu wina wa Linux, ili ndi Bug Squashing Party. Zonsezi zimadalira anthu odzipereka, ndipo aliyense wokhala ndi laputopu ndi intaneti, ngakhale ali ku Mzimba, angathe kulowamo. Tsiku likatha anthu amawerenga ma bug (zolakwika za m'pulogalamu) amene apezeka, n'kuthokoza oyesa, basi. Amene anakonza tsikulo safunsidwa kanthu.

Komatu iyeyo ndi amene anaona zonse. Ndi amene anasankha mbali yoti iyesedwe, analemba malangizo, anakonza fayilo ya ISO (fayilo imodzi yokhala ndi Linux yonse yoti iyesedwe), napempha opanga pulogalamuyo kuti akhalepo kuyankha mafunso. Woyesa amadziwa za makina ake okha. Wokonza amadziwa kuti anthu ambiri anakakamira pa sitepe iti, ndiponso chifukwa chake.

Mfunseni sabata isanathe. Ikadutsa milungu itatu amangokumbukira kuti anatopa. Ndipo musamufunse kuti "zinayenda bwanji?" Funso limeneli lili ngati "mwadzuka bwanji", yankho lake ndi "bwino" ngakhale munthu wagona ndi mutu. Mafunso asapitirire asanu ndi atatu, ndipo lililonse lifune nambala kapena dzina la chinthu.

Yambani ndi nthawi. Kukonzekera kunatenga maola angati, ndipo ambiri anathera pati? Akati anathera pa kulembanso malangizo akale, ndiye kuti malangizowo alibe mwini wowasamala, ndipo wokonza wotsatira adzavutika chimodzimodzi.

Kenako funsani za fayilo yoyesera. Inali yokonzeka masiku angati tsikulo lisanafike? Iye mwini anaiyatsa pa makina enieni? ISO ya Fedora Workstation imaposa 2 GB. Ikatuluka m'mawa wa tsiku lomwelo, munthu wodalira bandulo ya pa foni amatha theka la tsiku akuikoka, ndipo magetsi akazima pakati, ena amayambiranso. Choipa kwambiri n'chakuti fayilo yoduka nthawi zina imalembeka pa fulashi koma n'kukana kuyaka, ndiye woyesa amalemba lipoti la vuto limene kulibe. Mankhwala ake ndi kuona checksum ya SHA256 (nambala yotsimikizira kuti fayilo yafika yathunthu) musanalembe pa fulashi, koma ngati malangizo sananene, oyamba kumene sachita. Wokonza akafunsidwa amadziwa kuti malipoti otere analipo angati. Pagulu lokumana m'chipinda chimodzi, mmodzi akoke fayiloyo dzulo lake, ena onse atenge pa fulashi.

Funso limene ife timaliona lofunika kuposa onse ndi ili: pa malipoti amene analembedwa, ndi angati amene wopanga pulogalamu anatha kugwiritsa ntchito? Nambala ya ma bug payokha imanyenga. Mu Bugzilla ya LibreOffice, malo a pa intaneti olembako malipoti a mavuto, lipoti latsopano limakhala UNCONFIRMED kufikira munthu wina atatsata masitepe omwewo n'kuona vutolo pa makina ake. Likakhala losamveka limaikidwa pa NEEDINFO, ndipo mwini wake akapanda kuyankha kwa miyezi ingapo limatsekedwa. Likakhala kuti wina analinena kale, limatchedwa DUPLICATE. Wokonza awerenge magulu atatuwa padera, chifukwa gulu lililonse likuloza kwina. DUPLICATE akachuluka, oyesa sanapatsidwe mndandanda wa mavuto odziwika kale. NEEDINFO akachuluka, sanauzidwe zoti alembe: nambala yeniyeni ya pulogalamu, mtundu wa makina, masitepe motsatana, chimene amayembekeza ndi chimene chinachitika. Malipoti akamakana kubwerezeka kwa ena, kawirikawiri chasokoneza ndi profile yakale ya woyesayo, kutanthauza zosankha zake zimene pulogalamu inasunga, n'chifukwa chake LibreOffice ili ndi Safe Mode, njira yoyatsira pulogalamu popanda zosankhazo, yoti munthu ayambe wayeseramo asanadandaule.

Kuwerengaku sikutheka m'sabata yoyamba, pakuti malipoti amakhala asanagwiridwe. Choncho wokonza afunsidwe kawiri: koyamba tsiku litangotha, kachiwiri pakatha mwezi.

Funsaninso kuti ndi angati anayesera pa makina enieni, ndi angati pa virtual machine, kompyuta yongoyerekezera yoyenda mkati mwa kompyuta ina. Kuyesa Wi-Fi, batire, kapena kugona ndi kudzuka kwa laputopu pa virtual machine n'kungotaya nthawi, ngakhale pa pepala zimaoneka ngati zakhoza.

Za opanga mapulogalamu musazengereze kufunsa, ngakhale n'zochititsa manyazi. Analipo? Maola ati? Nthawi ya Malawi ili patsogolo ndi maola awiri pa UTC, nthawi imene dziko lonse limayerekezerapo, ndiye wopanga wokhala ku California amadzuka kuno dzuwa likulowa. Woyesa amene wafunsa m'mawa n'kusowa womuyankha sabweranso. Tsiku lenilenilo lifunsidwenso: ku Fedora kuli nyengo ya freeze, pamene zosintha zimaletsedwa kupatula zokonza mavuto aakulu. Tsiku loyesa likachedwa n'kugwera m'nyengo imeneyi, zambiri zopezeka zimadikira kuti nyengoyo ithe.

Pali anthu ena amene amaiwalikiratu: amene anafuna kukonza tsiku koma anasiyira panjira. Mayankho awo ndi amene amaulula chimene chimagwetsa mphwayi, kaya ndi kusowa womuthandiza kupanga ISO kapena kusadziwa woti am'pemphe chilolezo. Amenewa n'kwabwino kuwafunsa pakamwa, mphindi khumi zokha, chifukwa munthu salemba pa fomu kuti zinamukanika. Wofunsayo asakhale mkulu wa gulu. Pamaso pa mkulu anthu amayamika.

Mayankho onse asonkhanitsidwe malo amodzi oonekera, mayina atachotsedwa. Pa kutulutsa kulikonse kwa pulogalamu sankhani zinthu ziwiri zokha zoti zikonzedwe, chilichonse chikhale ndi munthu wake ndi tsiku lake. Fomu yotsatira iyambe ndi funso lakuti kodi ziwiri zija zinasinthadi.

Ndife,
Odzipereka poyesa mapulogalamu,
Blantyre